Akamba anga awiri sakudya, mmodzi ali ndi mazira koma sakuikira: ekisireyi ndi sikani zingandiuze chani?

Funso lomwe lafika ndi ili, ndalidula pang'ono kuti lisatalike:

"Ndimasunga akamba a mtundu wa leopard, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi. Wamkazi mmodzi wakhala akuzungulira mpanda osakhazikika, amakumba pang'ono nkusiya, kudyanso wachepetsa. Dokotala wa ziweto anamujambula ekisireyi nkupeza mazira 11. Winayo nayenso sakudya bwino ndipo akulemera, koma ekisireyi yake sinaonetse dzira olo limodzi. Kodi woyambayo timubaye jakisoni kuti aikire? Ekisireyi siwononga mazira? Pali njira yodziwira ngati mazirawo ali ndi ana asanaikire? Nanga wachiwiriyo tingoti alibe vuto?"

Achimwene, ndiyamba ndi funso lomalizalo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Mwa akamba anu awiriwo amene akundidetsa nkhawa ine ndi wachiwiriyo, uja chithunzi chake sichikuonetsa kanthu. Kamba wokhala ndi mazira m'mimba, akuyendayenda, akununkhiza dothi, akukumba nkusiya koma ali tcheru, ameneyo nthawi zambiri sakudwala, akungosaka malo omusangalatsa. Koma kamba amene wasiya kudya, akulemera, ekisireyi nkumati mulibe kanthu, ameneyo sitinamuone bwinobwino, tamuyang'ana ndi makina omwe sangathe kuona chomwe tikufunacho.

Nkhani yagona pa mmene dzira limapangidwira. Ngati munatumbulapo nkhuku yoikira mukudziwa timazira tachikasu tija timakhala mulu umodzi, tina tating'ono tina tokulirapo, topanda chigoba. Kamba ndi chimodzimodzi, ali ndi matumba a mazira awiri, kumanja ndi kumanzere, cha kumbuyo kufupi ndi impso, ndipo timazira timeneto madokotala amatitcha mafolikulo. Kwa miyezi folikulo limakhala likudzazidwa ndi chachikasu chija, koma chachikasucho sichipangidwa pomwepo ai, chimachokera ku chiwindi nkumayenda m'magazi, nchifukwa chake kamba wamkazi nyengo imeneyi mukamuyeza magazi mupeza kashiamu, mafuta ndi mapuloteni zakwera mpaka munthu wosadziwa nkuganiza kuti makina a ku labu asokonekera. Folikulo likakhwima limachoka m'thumba muja nkulowa mu njira ya mazira, mmenemo ndi mmene limakumana ndi umuna, kenako limakutidwa ndi choyera chija, kenako kachikopa kopyapyala, ndipo chigoba cha kashiamu chimabwera kumapeto kwenikweni. Ndekuti pa ulendo wonse wa dzira, nthawi yomwe lili ndi chigoba cholimba ndi yochepa, yambiri limakhala lofewa.

Tsono ekisireyi imaona zinthu zolimba, fupa, mwala, chitsulo, chigoba chomwe chalowa kashiamu. Zofewa imaziona mwa chimbuuzi, ndipo kwa kamba zimavuta kawiri chifukwa nyama yonse ili mkati mwa fupa, kuwala kwa makinako kumayenera kuboola chikamba cha pamwamba ndi cha pansi chomwe. Nde mafolikulo olo atadzaza mimba yonse mpaka kufinya matumbo ndi mapapo, pachithunzi mungoona kutuwa basi, mwina dokotala wozolowera angazindikire kuti mapapo akuoneka opanikizika. Dzira lomwe langolowa kumene mu njira ya mazira chigoba chisanalimbe nalonso silioneka, kapena limaoneka kamzere kozimiririka koti munthu wothamanga sangakaone. Mawu oti ekisireyi sinaonetse dzira amangotanthauza kuti tsiku limenelo munalibe dzira lachigoba, osapitirira pamenepo.

Sikuti ndikuinyoza ekisireyi, pa ntchito yake palibe choiposa. Ofufuza awiri a ku Savannah River Ecology Laboratory ku South Carolina, Whitfield Gibbons ndi Judith Greene, ndi amene anaitchukitsa mu 1979 ataonetsa kuti nkhasi ya m'madzi ukhoza kuijambula, kuwerenga mazira ake, nkuibwezera m'dziwe ili yamoyo. Kale kuti munthu adziwe kuti mtundu wakuti umaikira mazira angati ankayenera kutumbula nyamayo kapena kufukula chisa chake. Mpaka lero ngati funso ndi loti mazira alipo angati, ekisireyi ndiye yankho.

Koma chithunzi cha kamba wanu woyambayo chili ndi zambiri kuposa nambala 11, ndipo ndikanakonda mubwerere kwa dokotalayo mukachiyang'ane limodzi. Yang'anani ngati mazirawo akufanana kukula, chifukwa limodzi likakhala lalikulu kuposa anzake, kapena awiri atamatirirana, limenelo likhoza kutseka njira. Yang'anani mpata wa pakati pa mafupa a m'chiuno nkuuyerekeza ndi dzira lalikulu kwambiri, kamba amene anakula osapeza kashiamu ndi dzuwa lokwanira mafupa amenewa amatha kupindika, mpata nkuchepa. Yang'ananinso makulidwe a chigoba, apa mpofunika kwambiri. Dzira latsopano mzere wake umakhala wopyapyala, wosalala, wofanana mozungulira monse. Lomwe lakhalitsa m'mimba limapitiriza kulandira kashiamu, nde mzere wake umanenepa, umawala kwambiri, pena umaoneka wamanyamanya. Dzira losweka limaonekanso, zidutswa zake zimasanjikizana. Ndipo pali china chomwe anthu sakhulupirira mpaka ataona, dzira limatha kutuluka mu njira yake nkubwerera cham'mbuyo kulowa m'chikhodzodzo, chifukwa kwa kamba njira ya mazira, ya mkodzo ndi ya chimbudzi zimathera malo amodzi. Lotere silingatuluke lokha, limangokhala mmenemo nkumakutidwa ndi zoyera zija zimatuluka limodzi ndi mkodzo wa kamba. Pachithunzi chomwecho mwala wa m'chikhodzodzo umaonekanso, komanso timiyala tomwe kamba anameza, zonsezi zimatha kutsekereza dzira.

Kajambulidwe kake sikovuta, kamba amangomukhazika chafufumimba pa mbale ya makina, kuwala nkuchokera pamwamba, ndipo ambiri safuna mankhwala ogonetsa chifukwa akachita mantha amangolowetsa mutu nkukhala phee. Chithunzi cha m'mbali chikafunika, chanzeru nkutembenuza makinawo osati kambayo, poti mukamugoneka chammbali zam'mimba zonse zimagwera mbali imodzi nkusokoneza chithunzi. Pempho langa limodzi ndi loti pambali pake aikepo kachitsulo komwe mukudziwa kukula kwake, chifukwa ekisireyi imakulitsa zinthu pang'ono ndipo mukafuna kuyeza dzira ndi mpata wa m'chiuno mumafunika poyerekezera.

Tibwere ku sikani, ija ya ultrasound yomwe amaunikira amayi oyembekezera. Iyi imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso lomwe khutu silimva, ndipo vuto lake ndi losemphana ndi la ekisireyi, zofewa ndi zamadzi imaziona bwino koma fupa ndi mpweya siidutsa. Pachikamba simungaone kanthu. Khomo lake ndi kadzenje kofewa kaja kali kutsogolo kwa mwendo wa kumbuyo, pakati pa chikamba cha pamwamba ndi cha pansi, munthu mmodzi amagwira kambayo nkukokera mwendo kumbuyo pang'onopang'ono, wina nkulowetsa kamutu ka makina kopakidwa jelo wambiri, mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Kamutuko kamafunika kakang'ono kokhota kuti kalowe, ndipo kwa akamba a msinkhu wapakati mphamvu ya 5 mpaka 7.5 MHz (MHz ndi muyeso wa mafunde a sikani aja) imagwira bwino, kwa ang'onoang'ono 10 MHz, pomwe zimphona ngati za ku zilumba za Galápagos zimafuna yotsika cha m'ma 3.5 MHz kuti mafunde afike patali. Khungu la kamba lili ndi makwinya omwe amasunga mpweya, nde ena amamuviika theka la thupi m'madzi ofunda nkusikana ali m'madzimo, kapena kuika gulovu yodzaza madzi pakati. Leopard wamkulu ali ndi mphamvu zoopsa m'miyendo, akakana wakana, ndipo kulimbana naye kukhoza kumuvulaza kapena kukutswanyani chala, pamenepo kuli bwino kamankhwala kofooketsa pang'ono.

Zooneka pa sikirini ndi izi. Folikulo lomwe likukula bwino limaoneka lozungulira, lotuwa mofanana monse, m'mphepete mosalala, ndipo dokotala amatha kuimitsa chithunzi nkuliyeza mamilimita. Dzira lomwe langolowa mu njira yake limaoneka mosiyana kwambiri, pakati pali chotuwa chija, mozungulira pali mkombero wakuda womwe ndi choyera cha dzira, kunja kwake kamzere kowala. Kamzere kameneko kamanka kanenepa masiku akamapita, mpaka chigoba chikalimba mafunde amalephera kulowa, mumangoona uta wowala ndi mthunzi wakuda kuseri kwake. Palinso mafolikulo omwe thupi laganiza zowabweza, limawasungunula nkutenganso zakudya zake, amenewa amaoneka osokonekera mkati, madontho akuda, m'mphepete mosalongosoka, ndipo ochepa otere ndi zachilengedwe, si matenda.

Pomwe sikani imalephera ndi pa kuwerenga. Mukusuzumira pa kadzenje kakang'ono, dzira la kutsogolo likubisa la kumbuyo, matumbo a mpweya akutchinga, nde mutha kuona asanu pomwe alipo khumi ndi awiri, kapena kuwerenga limodzi kawiri. Munthu akakuuzani nambala ya mazira kuchokera pa sikani yokha muitenge ngati yongoyerekeza.

Ndipo chachikulu, sikani imodzi sinena zambiri. Mafolikulo akuluakulu omwe aikiridwe mwezi wamawa ndi mafolikulo akuluakulu omwe aima kwa miyezi nkuyamba kumudwalitsa kamba, pa tsiku limodzi amatha kuoneka ofanana. Chomwe chimawasiyanitsa ndi nthawi. Mumayeza lero, mumalemba, mumayezanso pakatha masabata atatu kapena anayi, nde mumaona ngati akukula, alowa mu njira, akusungunuka, kapena angoima pomwepo.

Mmenemu ndi mmene malo oswetsa akamba osowa amagwirira ntchito. Gerald Kuchling anasindikiza mu 1989 kafukufuku woonetsa kuti mafolikulo ndi mazira a nkhasi yamoyo akhoza kuyezedwa ndi sikani, ndipo njirayi anaigwiritsa ntchito pa western swamp tortoise, kamtundu kakang'ono ka m'madambo a kufupi ndi Perth ku Australia komwe m'zaka za m'ma 1980 kanatsala kosakwana 50 padziko lonse. Ndi nyama zochepa chonchi simungayerekeze kutumbula olo imodzi kuti muone zomwe zikuchitika mkati, koma ndi sikani ankatha kutsatira wamkazi aliyense chaka chonse, kuona ngati chakudya ndi kasungidwe zikuthandiza mafolikulo kukula kapena thupi likungowabweza. Perth Zoo yaswetsa ana mazanamazana a mtunduwu kuchokera nthawi imeneyo, ambiri anabwezeredwa kutchire. Ntchito yonga yomweyi inachitikanso pa akamba a ku Galápagos osungidwa m'mazuu ndi pa nkhasi za m'nyanja za mtundu wa Kemp's ridley. Inu muli ndi akamba atatu chabe, koma nzeru yake ndi yomweyo, kuyeza mobwerezabwereza nkumalemba.

Nde kwa wachiwiriyo ndinganene kuti apite ku sikani, ndipo ngati nkotheka ayezedwenso magazi tsiku lomwelo. Zotheka zilipo zingapo. Mwina ali pakati pokulitsa mafolikulo mwachilengedwe, mimba yadzaza nde chilakolako cha chakudya chatsika, izi zimatha zokha. Mwina mazira alowa kale mu njira koma chigoba sichinalimbe, zomwe sikani ingaonetse pompo ndipo ekisireyi ya masabata angapo kutsogoloku idzawaonetsa. Mwinanso si nkhani ya mazira nkomwe, ndi njoka za m'mimba, kuzizira, chiwindi cha mafuta kapena impso, ndipo kulemerako ndi madzi a m'chikhodzodzo. Koma chomwe tikufuna kuchotsa pa mndandanda ndi vuto lija mafolikulo amakula nkuima, osalowa mu njira, osasungunukanso. Limaoneka kawirikawiri kwa akamba aakazi osungidwa zaka zambiri, makamaka okhala okha kapena osungidwa pamalo poti kutentha ndi kuwala sizisintha chaka chonse, koma kukhala ndi wamwamuna si chitetezo chokwanira. Kamba wotere amafooka pang'onopang'ono kwa miyezi, miyendo ya kumbuyo imalemera, magazi amachepa, ndipo folikulo limodzi likaphulika chachikasucho chimatayikira m'mimba nkuyambitsa kutupa koopsa komwe kumapha.

Vuto limeneli jakisoni woikiritsa saligwira ngakhale pang'ono, chifukwa jakisoniyo amafinya njira ya mazira pomwe mafolikulo sanafike nkomwe mu njiramo. Zikatsimikizika mankhwala ake ndi opaleshoni yochotsa matumba a mazira. Kwa nkhasi zambiri za m'madzi amadzera pa kadzenje ka kutsogolo kwa mwendo kaja mothandizidwa ndi kakamera kolowetsa m'mimba, bala lake limapola m'masabata. Kwa akamba a pamtunda ena mpata umachepa nde amacheka chikamba cha pansi nkuchibwezera, ndipo fupa limenelo kuti ligwirane bwinobwino pamatenga chaka kapena kupitirira. Mukuona chifukwa chake sitithamangira opaleshoni ndi sikani imodzi, pokhapokha kambayo ali kale pachiopsezo. Komwe kuli makina a CT, amenewo amathetsa mkangano msanga, amajambula thupi m'magawomagawo kudutsa chikamba nkuonetsa mafolikulo onse, mazira, chiwindi ndi mapapo m'mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri kamba amangomukhazika pa kanthu kokwera miyendo ili lende osamugonetsa. MRI, makina enanso ojambula mkati mwa thupi, imaonetsa zofewa bwino koposa koma imatenga nthawi nde imafuna kugonetsa. Zonsezi ndi zodula ndipo sizipezeka paliponse, ekisireyi ndi sikani pamodzi zimayankha mafunso ambiri.

Tsopano wa mazira 11 uja. Ngati chithunzi chikuonetsa mazira ofanana, zigoba zosalala, mpata wa m'chiuno wokwanira, ndipo iye akuyenda mwamphamvu, ine jakisoni ndingadikire kaye. Kamba ali ndi luso losunga mazira m'mimba kwa masabata, pena miyezi, ngati malo oikira sakumukhutiritsa, ndipo kukumba nkusiya kuja akukuuzani kuti dothi lanu lili ndi vuto. Mwina ndi louma moti dzenje likugumuka, mwina lalimba, mwina pansi pali mwala kapena simenti, mwina ndi pozizira, mwinanso wamwamunayo akumuvutitsa akangoyamba. Muchotseni wamwamunayo kaye. Mukonzereni malo a dothi losakaniza ndi mchenga, lonyowa pang'ono loti mukalifumbata ligwirane koma osadontha madzi, lakuya masentimita 30 kapena kuposa, pamalo pomwe dzuwa limafika, ndipo ngati mungathe malo awiri kapena atatu kuti asankhe yekha. Madzi akumwa asasowe, muzimukhazikanso m'madzi ofunda osaya kwa mphindi 20, chifukwa leopard pokumba amakodzera dothi kuti lifewe nde amafuna chikhodzodzo chodzaza. Amakumba ndi miyendo ya kumbuyo, kawirikawiri chakumadzulo, ndipo ntchitoyo imatenga maola. Akayamba musamuyandikire ndi foni kuti mujambule, akasokonezedwa amasiya.

Jakisoni amene mukunenayo ndi oxytocin, ndipo kunena zoona pa akamba amagwira bwino kuposa pa njoka ndi abuluzi. Koma ali ndi malamulo ake. Ekisireyi iyambe yaonetsa kuti palibe chotchinga, chifukwa kufinya njira yotsekeka kukhoza kuswa dzira mkati, kung'amba njirayo, kapena kukankhira dzira m'chikhodzodzo muja. Kambayo akhale wofunda bwino ndi wosauma m'thupi, ndipo nthawi zambiri amayamba wapatsidwa kashiamu popeza minofu yopanda kashiamu siifinya. Chigoba chikhalenso chitakhwima, mukaikiritsa msanga mutulutsa mazira osamalizika omwe sangaswe. Mlingo wake ndi wa dokotala malinga ndi kulemera kwa kamba, si jakisoni wogula nkubaya nokha pakhomo.

Kudikirako kuli ndi malire. Mukaona akukankha mobwerezabwereza koma osatuluka kanthu, wasiyiratu kudya ndi kuyenda, miyendo ya kumbuyo akuikoka, maso alowa, kumchira kukutuluka zonunkha kapena magazi kapena kanyama kofiira, kapena waikira angapo nkusiya ena kenako nkufooka, tsiku lomwelo kwa dokotala. Chimodzimodzi ngati chithunzi chija chikuonetsa zigoba zonenepa zamanyamanya kapena dzira losweka, pamenepo nkhani ya dothi yatha kale.

Za ngati ekisireyi imawononga mazira, funsoli ofufuza analifunsanso okha popeza ankajambula nkhasi zambirimbiri chaka ndi chaka. Mu 1997 gulu la ku Savannah River komweko, lotsogozedwa ndi Thomas Hinton, linayeza mlingo wa kuwala komwe kumafika pa mazira pojambula ndipo unapezeka wochepa, kutali ndi mlingo womwe umadziwika kuti umapha kapena kulemaza mwana. Chithunzi chimodzi kapena ziwiri musade nazo nkhawa, kuopsa kosadziwa kuti dzira latsekereza nkwakukulu kuposa pamenepo. Komabe zotsatira za kuwala kumeneku zimaunjikana m'thupi la mayiyo, ndipo kamba amakhala zaka makumi ambiri, nde kumujambula sabata iliyonse chifukwa chongofuna kuona sindigwirizana nazo. Kutsatira pafupipafupi ndi ntchito ya sikani, yomwe ilibe kuwala kotero, vuto lake ndi kumugwiragwira kokha. Inuyonso pojambula musagwire kamba ndi manja anu pansi pa makina, makamaka ngati pali woyembekezera.

Funso loti mazirawo ali ndi ana kapena ai, palibe makina angakuuzeni akadali m'mimba, olo CT imene. Chifukwa chake nchochititsa chidwi. Mwana wa kamba amayamba kupangika dzira likadali mu njira, koma amangofika pa kadontho ka maselo nkuima, poti mu njiramo mpweya wa okisijeni ndi wochepa kwambiri, ndipo amayambiranso kukula dzira likaikiridwa nkukhudzana ndi mpweya wa kunja. Kuima kumeneku ndi komwe kumamulola mayi kusunga mazira kudikira malo abwino. Nde dzira logwira ndi losagwira m'mimba amaoneka chimodzimodzi. Wamkazi amatha kuikira mazira opanda ana ngakhale sanaonepo wamwamuna, komanso amatha kusunga umuna m'thupi kwa zaka nkumaikira mazira ogwira wamwamuna atachoka kalekale, choncho kuwerengera masiku omwe munawaona akukwerana sikuthandiza. Chitsanzo chowawa ndi cha nkhasi yaikulu ya chikamba chofewa ya mumtsinje wa Yangtze, Rafetus swinhoei. Yaikazi yomaliza yodziwika ku China inasamutsidwa kuchoka ku Changsha kupita ku Suzhou Zoo mu 2008 kuti ikakhale ndi yaimuna, inkaikira mazira ambirimbiri chaka ndi chaka koma palibe lomwe linaswa, ndipo mu 2015 ataiyeza yaimunayo anapeza kuti chiwalo chake chinavulala kalekale. Yaikaziyo inafa mu April 2019 itagonetsedwa kuti ayiike umuna ndi manja. Mazira osagwira akamabwerezabwereza, yang'ananinso wamwamuna, ndipo mankhwala ogonetsa pa kamba si oseweretsa.

Yankho limabwera akaikira. Fukulani mosamala, lembani kachizindikiro ndi pensulo pamwamba pa dzira lililonse ndipo musalitembenuze, chifukwa mwana wa kamba amamatirira kumtunda kwa chigoba cha mkati ndipo kulizunguza pambuyo pake kumamupha, izi nzosiyana ndi mazira a mbalame omwe amafuna kutembenuzidwa. Chizindikiro choyamba cha dzira logwira ndi kadontho koyera mbee ngati choko komwe kamaoneka pamwamba nkumafalikira. Pambuyo pake mukaliunika ndi tochi m'chipinda cha mdima mudzaona kamkombero kofiira, kenako timitsempha, kenako mthunzi wa mwana. Apa tochi ikuposa makina onse tatchulawa. Osafulumira kutaya, mazira a leopard amachedwa, kutchire amatha miyezi 8 mpaka kupitirira chaka, ndipo ena amangokhala duu kwa nthawi asanayambe kuonetsa kanthu. Lotaya ndi lomwe lasukusa, lanunkha kapena laphulika. Komanso kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi zimadalira kutentha kwa pomwe dzira lili, kotentherapo kumatulutsa aakazi ambiri, kozizirirapo aamuna, nde chimenechonso sichioneka pachithunzi chilichonse.

Akamaliza kuikira werengani. Ekisireyi inati 11, ngati m'dzenje muli 11 nkhani yatha, ngati muli 9 ndekuti awiri atsala ndipo chithunzi chachiwiri chili ndi chifukwa chomveka. Kumbukiraninso kuti leopard amatha kuikira maulendo angapo nyengo imodzi, motalikirana masabata atatu kapena anayi, nde mukamusikana atangoikira nkupeza mafolikulo ena akuluakulu ali pamzere musadabwe, ndipo malo oikira aja musawagumule.

Pakhomo chomwe mungachite nokha ndi sikelo ndi kabuku. Muziwayeza onse awiri kamodzi pa sabata, tsiku lofanana, musanawaviike m'madzi, nkulemba kulemera, zomwe adya, tsiku lomwe akumba, ndi mamilimita a folikulo lalikulu omwe dokotala wapeza pa sikani iliyonse. Kulemera kwa tsiku limodzi musakukhulupirire kwambiri popeza kamba akangokodza sikelo imatsika ndithu, yang'anani komwe nambala zikulowera pa mwezi. Ena amapisa chala mu kadzenje kaja kamba ataimikidwa mutu m'mwamba kuti amve mazira, zimatheka ndipo dzira lachigoba limamveka lolimba lozungulira, koma kusamva kanthu sikutanthauza kuti mulibe, ndipo kukanikiza mwamphamvu kukhoza kuphulitsa folikulo, nde ngati palibe amene anakuonetsani kachitidwe kake zisiyeni. Pemphani dokotala akupatseni makope a zithunzi zonse zolembedwa deti, ndipo posungitsa tsiku la sikani ya wachiwiriyo mufunsiretu ngati ali ndi kamutu kakang'ono kokhota kaja, chifukwa kamutu kotakata kosikanira agalu akuluakulu kapena ng'ombe sikalowa pa kadzenje ka kamba ndipo mungabwerere opanda yankho.